Banga labwereranso pakhoma? Pezani njira ya madzi musanagule penti

M'nyumba zambiri nkhaniyi imayenda mofanana. Pa siling'i kapena pakhoma patuluka banga lofiirira. Mwini nyumba agula penti, apaka, banga labisika. Mvula ikagwa kawiri katatu, banga lija labwerera pamalo omwewo, tsopano litakula, penti atayamba kufufuma, m'chipinda mukumveka kafungo ngati ka zovala zosauma bwino. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'nyumba mwambiwu sufuna n'kumasulira komwe: madzi akapeza njira kamodzi, adzadutsa momwemo mpaka wina ataitseka.

Ntchitoyi ili ndi dongosolo lake. Mumaletsa madzi, mumapeza kumene akulowera, mumaumitsa, kenako mumakonza zowonongeka. Vuto limabwerera chaka ndi chaka chifukwa ambiri timayambira kumapeto.

Madzi akadali pansi

Mukapeza madzi atadzaza pansi, musathamangire chikolopa. Yambani ndi magetsi, ndipo muzimitse pa swichi yaikulu, osati pa soketi. Ngati kuti mufike pa swichiyo muyenera kuponda m'madzi, kapena bokosi lake lanyowa, musaikhudze. Tulukani, muitane wodziwa zamagetsi. Waya mmodzi wogona m'madzi ndi wokwanira kupha munthu wamkulu.

Kenako pitani pa valavu yaikulu ya madzi, imene kawirikawiri imakhala pafupi ndi mita kapena pamene paipi imalowera m'nyumba. Mukaitseka, tsegulani mipopi yonse kuti madzi otsala m'mapaipi atulukire m'sinki m'malo motulukira pobowoka paja. Ngati muli ndi giza, thanki yotenthetsa madzi ndi magetsi, izimitseni, chifukwa giza yoyaka ilibe madzi imapsa m'kati. Anthu ambiri sadziwa pamene pali valavu imeneyi mpaka tsiku la ngozi, ndipo tsikulo amaipeza itagwira dzimbiri, yosatembenuka. Ipezeni lero, muziitembenuza kawiri pachaka, ndipo wamkulu aliyense m'nyumbamo aidziwe.

Yang'ananinso kumwamba. Siling'i yotupa ngati mimba ndiye kuti yasunga madzi, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Madzi a ndowa ziwiri za malita 20 ndi katundu wa makilogalamu 40 atakhala pa bolodi lomwe lafewa kale. Chotsani ana ndi katundu pansi pake. Magetsi atazimitsidwa, ikani ndowa, imani pambali, mubowole kabowo ndi msomali pamene patupa kwambiri kuti madziwo atsike pang'onopang'ono. Kabowo n'kosavuta kutseka kusiyana ndi siling'i yonse itagwa. Koma ngati yayamba kale kung'aluka, ingotulukanimo.

Madzi si ofanana. A m'paipi ya madzi akumwa ndi a mvula yodontha padenga ndi oyera. Ochokera m'sinki, m'bafa kapena m'makina ochapira ali ndi sopo, mafuta ndi tizilombo. A m'chimbudzi, a suweji yobwerera ndi osefukira kuchokera panja ndi oopsa, ndipo amafuna jombo ndi magolovesi. Matiresi, mapilo ndi makapeti amene amwa madzi a mtundu wotsirizawu n'zotaya. Zimawawa, koma palibe sopo amene angafike m'kati mwenimweni mwa siponji. Ngakhale madzi oyera aja, akagona pansi masiku awiri atatu, musawaonenso ngati oyera.

Musanasunthe katundu, jambulani zonse ndi foni. Ngati muli pa lendi, tumizani zithunzizo kwa mwini nyumba tsiku lomwelo ndi uthenga wolembedwa, kuti deti ikhale umboni. Makampani ambiri a inshuwalansi amalipira paipi ikaphulika mwadzidzidzi, koma amakana ngati zikuoneka kuti kudonthako kunayamba kalekale ndipo kunangosiyidwa.

Kodi akulowera pati?

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo chida choyamba ndi pensulo. Lembani mzere kuzungulira malire a banga, mulembenso deti pambali. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri muziliona. Banga lokula mvula ikagwa likuloza kudenga, ku ngalande za padenga kapena ku mng'alu wa kunja kwa khoma. Lokula tsiku lililonse, kaya kwagwa mvula kaya ayi, likuloza ku paipi. Lokula munthu akasamba kapena akatsuka mbale likuloza ku mapaipi otulutsa madzi. Losakula konse mwina ndi chipsera chabe cha vuto lomwe linatha kale.

*Mapaipi.* Mita ya madzi sinama. Tsekani mipopi yonse, pasakhale wogwiritsa ntchito chimbudzi, lembani manambala a pa mita, dikirani maola awiri. Manambala akasuntha, penapake pakutuluka madzi. Ngati pali valavu ina pamene paipi imalowera m'nyumba, itsekeni muyesenso. Mita ikapitiriza kuyenda, paipi yabooka pansi pa nthaka pakati pa mita ndi nyumba, ndipo nthawi zambiri mumapeza malo amodzi pamene udzu wabiriwira kuposa pena paliponse. Mita ikaima, vuto lili m'kati.

M'kati, woyamba kumukayikira ndi thanki ya chimbudzi. Thirani m'thankimo madontho angapo a utoto wosungunuka m'madzi, musagujumule, dikirani mphindi 20. Mtundu ukaonekera pansi m'chimbudzi, mphira wa m'thanki watha. Kudontha kwamtunduwu kumangokweza bilu, sikunyowetsa khoma, koma kumasokoneza zotsatira za mita, choncho kuchotseni kaye panjira. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limataya malita oposa 11,000 pachaka, ndiye ganizani dontho lomwelo likugwera m'kati mwa khoma.

Mita siona mapaipi otulutsa madzi akuda. Amenewa muyese okha: tsekani sinki, idzazeni, ikani pepala louma pansi pa malo onse olumikizira, kenako mutulutse madziwo nthawi imodzi. Pepala limaonetsa dontho limene diso silingaone. Ku bafa, onani mipata ya pakati pa matailosi ndi m'mphepete mwa malo osambira. Ngati khoma la chipinda chogundana ndi bafa ndi lonyowa m'munsi, kawirikawiri wolakwa ndi mipata imeneyi, osati paipi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona khoma litagumulidwa pofuna paipi yomwe inali yabwinobwino.

*Denga.* Mvula ya milimita imodzi pa malo a sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 100 pa mvula ya mamilimita 20 limalandira malita 2,000. Pa madzi ochuluka chonchi, kabowo ka msomali mmodzi n'kokwanira kuwononga chipinda.

Chovuta n'chakuti pamene pali banga si pamene denga labooka. Madzi amalowa pamwamba, n'kuyenda pansi pa lata kapena pa phaso, n'kukagwera kutali. Ine ndinalimbana ndi banga lina nyengo ziwiri za mvula. Mmisiri amene ndinamuitana anamata phula pamwamba penipeni pa bangalo kawiri konse, osathandiza. Tsiku limene ndinakwera m'siling'i ndi tochi mvula ikugwa, ndinaona kamzere ka madzi kakutsika pa phaso kuchokera pa msomali womwe unali mamita atatu kumtunda. Chitani zomwezo: lowani m'siling'i mvula ikugwa, muziponda pa matabwa okha, osati pa bolodi, ndipo mutsatire kunyowako chokwera mpaka pamene kwathera. Kukakhala kouma, funani mizere yakuda pa matabwa, dzimbiri, kapena kuwala kwa dzuwa kolowera pa timabowo.

Mukapanda kupeza, mufunika anthu awiri ndi paipi yothirira. Wina akhale m'siling'i, wina azithira madzi padenga kuyambira m'munsi, kachigawo kamodzi kwa mphindi 10, kenako akwereko pang'ono. Mukayambira pamwamba, madzi anyowetsa paliponse ndipo simudziwa kanthu. Musakwere padenga lonyowa, ndipo poyenda muziponda motsatira mzere wa misomali, pamene pansi pake pali thabwa.

Pakati pa lata sipabooka kawirikawiri. Malo okayikitsa ndi misomali yozuka kapena yomwe mphira wake wauma ndi dzuwa, pamsonga pamene mbali ziwiri za denga zimakumana, m'zigwa za denga momwe masamba amaunjikana, pamene denga lagundana ndi khoma, ndi pamene paipi yadutsa. Ngati denga limathonya pokhapokha mvula ikabwera ndi mphepo, ndiye kuti malata kapena matailosi sanasanjikizane mokwanira, kapena dengalo ndi logona kwambiri, ndipo mphepo ikukankhira madzi chokwera. Phula lomata pamwamba pa dzimbiri limangogula nthawi. Msomali wozuka uchotsedwe, palowe sikuluu yokulirapo yokhala ndi mphira wake. Lata lodyeka lisinthidwe.

Ngalande za m'mphepete mwa denga zikadzaza masamba, madzi amasefukira pakhoma. Zichotseni zinyalala mvula isanayambe, ndipo onani kumene paipi yotsitsa madzi imathera. Ngati imatayira m'tsinde mwa khoma, malita 2,000 aja mukuwathira nokha pa maziko.

*M'munsi mwa khoma.* Chinyezi chokwera kuchokera m'nthaka chimadziwika ndi maonekedwe ake. Chimayambira pansi, sichipitirira kwenikweni mita imodzi, chimasiya mzere wokhotakhota pamwamba pake, ndipo pakhoma pamatuluka ufa woyera ngati mchere. Ndi mchere ndithu, wochokera m'nthaka ndi m'njerwa, wotsala madzi akauma. Pomanga, amisiri amayala pulasitiki kapena pepala la phula pakati pa maziko ndi khoma, chimene amachitcha DPC, ndipo chiyenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya panja. M'nyumba zambiri zonyowa DPC ilipo ndipo ndi yabwino, kungoti inakwiriridwa. Wina anaunjika dothi pakhoma, anabzala maluwa ogundana ndi nyumba n'kumawathirira tsiku lililonse, kapena anawaka khonde lalitali kuposa mzere wa DPC. Madzi amangodutsa pamwamba pake.

Choncho musanalipire mankhwala opopera m'khoma, tengani khasu. Tsitsani dothi, sunthani maluwa, ndipo konzani nthaka kuti izitsetsereka kuchoka panyumba, pafupifupi masentimita 15 pa mamita atatu oyamba. Mvula ikagwa tulukani muzungulire nyumba, muone pamene madzi akudikha. Chimene sindingakulangizeni n'kupaka penti wosalowa madzi kapena kumata matailosi pakhoma lotere. Chinyezi chikasowa potulukira chimakwera, ndipo chaka chamawa banga lidzaonekera pamwamba pa matailosi anu atsopano.

*Thukuta la nyumba.* Nthawi zina palibe chobooka chilichonse. Mpweya wofunda wa m'nyumba, wodzaza nthunzi yochokera pophika, posamba, pa zovala zoyanika m'kati ngakhale popuma pathu, ukagunda khoma lozizira umasanduka madzi. Chinyezi chimenechi chimakonda m'makona, kuseri kwa makabati, pa mawindo, ndi kunsi kwa malata m'mamawa, moti denga limadontha kunja kulibe mtambo. Kuti musiyanitse, pukutani khoma, matanipo kapepala ka pulasitiki ndi selotepi mbali zonse zinayi, mukasiye masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pulasitiki, chinyezi chikuchokera mumpweya wa m'chipinda. Akakhala m'kati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, madzi akuchokera m'khomamo. Mankhwala a choyambacho ndi mpweya: tsegulani mawindo pophika ndi posamba, musatseke timabowo tolowera mpweya, ndipo kabati isagundane ndi khoma, pakhale mpata wolowa dzanja.

Kuumitsa

Nkhungu, imene ena amati chuku, imayamba kumera pa zinthu zonyowa pakadutsa maola 24 mpaka 48. Masiku awiri oyamba ndiwo amagamula zomwe mupulumutse ndi zomwe mutaye.

Tungani madzi, kolopani, tulutsani chilichonse chonyowa chimene chinganyamulike. Kapeti ichoke pansi pamodzi ndi chosanjika cha kunsi kwake, chifukwa pamwamba pamauma msanga pansi pakadali madzi. Tsegulani makabati ndi madirowa onse. Chimene chimaumitsa nyumba ndi mpweya woyenda, choncho tsegulani mawindo a mbali ziwiri, ndipo magetsi akatsimikizidwa kuti ali bwino, yatsani mafani usana ndi usiku. Ngati mwapeza makina ochotsa chinyezi mumpweya, amenewo amafuna mawindo otseka. Musayese kuumitsa chipinda chotseka ndi moto wa makala, ndipo jenereta isalowe m'nyumba. Zonsezi zimatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Moto wa gasi ndi wa parafini nawo umawonjezera nthunzi m'malo moichotsa.

Madzi amabisala pansi pa makabati a kukhitchini, kuseri kwa timatabwa ta m'munsi mwa khoma, ndi m'zofunda zoteteza kutentha zimene amayala m'siling'i. Malo amenewa atseguleni. Khoma la mabolodi a gypsum, oyera m'kati ngati choko, limayamwa madzi chokwera, ndipo amisiri amalidula masentimita pafupifupi 30 pamwamba pa mzere wa madzi kuti m'kati muume. Khoma la njerwa limafuna kuleza mtima kwambiri. Omanga ali ndi kawerengedwe kawo kongoyerekeza: mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka aliwonse a kuchindikala kwa khoma. Khoma lomwe lamwa madzi mpaka m'kati likhoza kutenga miyezi yambiri, ngakhale pamwamba likuoneka louma pakangotha sabata. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amapaka penti, kenako amadandaula kuti anawagulitsa penti wabodza.

Mipando ya matabwa enieni iumire pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa lamphamvu matabwa amapindika ndi kung'aluka. Ya matabwa opangidwa ndi utuchi wopanikiza ikafufuma sibwereranso, ngakhale mutaiyanika mwezi wathunthu. Mipando yolemera imene simungaitulutse, ikani timatabwa kapena pulasitiki pansi pa miyendo yake.

Zikalata ndi mabuku amene simungathe kuwaumitsa m'masiku awiri, akulungeni m'pulasitiki muwaike m'firiji yolimbitsa madzi. Kuzizira kumaimitsa nkhungu mpaka mutapeza nthawi. Zithunzi zilekanitseni zikadali zonyowa, muziyale nkhope ili kumwamba. Zipangizo zamagetsi zomwe zalowa madzi musaziyatse kuti muone ngati zikugwirabe ntchito, pakuti kuyatsako ndi kumene kumazipha. Chotsani batire ngati limachoka, mupereke kwa wokonza.

Nkhungu ikamera kale

Ngati malo ake saposa sikweya mita imodzi, mungathane nayo nokha. Valani masiki ndi magolovesi, tsegulani mawindo, ndipo odwala mphumu, makanda ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa asakhale pafupi. Musaikolope youma ndi bulashi, chifukwa mumangomwaza njere zake m'nyumba monse. Pa matailosi, galasi, chitsulo ndi simenti, tsukani ndi madzi a sopo, muumitse. Mukafuna bulichi, thirani mamililita 240 m'malita 4 a madzi, ndipo musamusakanize ndi viniga, amoniya kapena mankhwala otsukira chimbudzi, pakuti amatulutsa mpweya wapoizoni wowononga mapapo. Pa zinthu zoyamwa madzi monga bolodi la siling'i, bulichi amangoyeretsa pamwamba, nkhungu ili m'kati. Bolodi lotere lichoke. Nkhungu ikabwerera pamalo amene munatsuka bwino, musawonjezere mankhwala. Bwererani ku funso lija la kumene madzi akulowera, penapake akulowabe.

Tsopano penti

Musanatseke siling'i, bayani matabwa onyowa ndi msomali. Ukalowa mosavuta, thabwalo lawola ndipo lisinthidwe. Matabwa amayamba kuwola chinyezi chake chikakhalitsa pamwamba pa 20 peresenti, ndipo mmisiri amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi angakuuzeni m'mphindi imodzi zomwe dzanja silingamve. Onaninso njira za chiswe, chifukwa chimakonda matabwa onyowa. M'nyumba zakale, mabolodi ena ndi malata ena ndi a asbestos, simenti yosakaniza ndi timaulusi ta mwala. Amenewo musawaswe, musawacheke, musawabowole. Fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo amene amaonekera patapita zaka zambiri. Mng'alu wa pakhoma woposa mamilimita 5, kapena womakulirakulira, makamaka ngati zitseko zayamba kuvuta kutseka, ungasonyeze kuti madzi afika ku maziko. Pamenepo pakufunika injiniya, osati simenti yomata.

Ufa woyera uja uchotseni ndi bulashi youma. Mukautsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwerera m'khoma. Pulasitala amene akumveka ngati ng'oma mukagogoda, kapena amene wadzaza mchere, agumulidwe mpaka masentimita 30 pamwamba pa banga, chifukwa mcherewo umakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo khoma limakhalabe lonyowa ngakhale gwero la madzi litatsekedwa. Banga lofiirira limatulukira pa penti wosungunula ndi madzi ngakhale mutapaka kasanu, choncho yambani ndi penti woyambira wamafuta wotseka mabanga, kenako penti wanu wa masiku onse.

Koma zonsezi zidikire mpaka mvula yamphamvu itagwa kawiri kapena katatu mutakonza. Bwezerani kapepala ka pulasitiki kaja pakhoma, ndipo mzere wa pensulo musaufute. Banga likapanda kudutsa mzerewo, ndipo m'kati mwa pulasitiki mukakhala mouma, tsegulani chitini cha penti.